Akufuna ndikwerenso phiri la Soche

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, ndinkagwira ntchito ya ukalaliki ku Limbe. Chidwalireni malungo chaka chatha, mphamvu zanga sizinabwerere. Ndikangochapa zovala za ana, mawa lake ndimagona tsiku lonse, miyendo ikuphwanya. Magazi ayeza kangapo, osapeza kanthu. Apongozi akuti ndi ulesi.

Mwezi watha amayi a kutchalitchi ananditenga kukapemphera pamwamba pa phiri la Soche, titasala kudya. Kukwera ndinakwera, koma potsika anachita kundibereka. Kuyambira pamenepo ngakhale kapu ya tiyi ikundilemera.

Nditapita kuchipatala, adokotala atamva anagwira pakamwa. "Mayi, anakukwezani phiri? Awa ndi matenda a kutopa kosatha. Mukamadzikakamiza ndiye mukuwonjezera." Inetu ndimayesa ndikudzithandiza!

Tsopano amuna anga, a Chrispine, akuti ndibwererenso kuphiriko kukapemphera Loweruka. "Ukakana ndiitana ankhoswe, upite kwanu." Banja ndikulifuna, koma phirilo ndikuliopa. Nditani?

E.N., Chilobwe

Mayi E.N.,

Munthu wolephera kuchapa, kumukweza Soche m'mimba muli pululu? Zandiimitsa mutu, ndipo ndakwiya. Kuphiriko musapite.

Simuli aulesi. Minofu ikamagwira ntchito imatulutsa tizinthu towononga, tomwe thupi labwino limachotsa lokha. Ofufuza apeza kuti mwa anthu ena odwala matendawa tizinthuti timachuluka n'kumadya minofu pang'onopang'ono, monga dzimbiri pa lata. Panja munthu amaoneka bwinobwino, n'chifukwa chake apongozi sakukhulupirira.

Bambowo atengeni kuchipatala Loweruka lisanafike, akamve ndi makutu awo. Ankhoswe musawaope ayi. Aitaneni ndinu, ndipo pepala lomwe adokotala angakulembereni likhale patebulo. Amayi a kutchalitchi auzeni mwaulemu kuti adzapemphere nanu pakhomo. Pemphero silifuna chitunda, ndipo akabwera akuchapireninso zovalazo.

Ntchito muzigawe m'tizigawo ting'onoting'ono, muzipuma musanatope. Tsiku lomwe mwadzuka bwino musathamangire kukolopa nyumba yonse, pamenepo ndi pomwe ambiri amagwera. Idyani masamba ndi zipatso, koma samalani ndi ogulitsa mabotolo a mankhwala m'misewu ya Limbe onena kuti amatsuka minofu. Chilichonse chomwa muyambe mwafunsa adokotala.

Mwina bambo adzakwiya. Akwiye. Nkhani ya banja imakambidwanso mawa, koma thupi mukaliphwanya Lowerukali, palibe nkhoswe amene adzalibweze.

Aphungu