Mnzawo wa Bambo

Okondedwa achimwene,

Ndiyambe ndi moni monga munandiphunzitsira, ngakhale nkhani ikundiyabwa pakamwa. Muli bwanji kumeneko, inu, alamu anga ndi ana? Chifuwa cha kamtsikana kanu chija chinatha? Ife kuno tilipo. Amayi ali bwino, kupatula bondo lija. Za bambo ndi zimene zandilembetsa kalata, chifukwa mukaimba foni iwo amakhala pafupi, makutu ali tcheru.

Ntchito ya kuchipatala ija ndinayamba. Labu yake ndi kachipinda ka windo limodzi, mpope wodontha, ndi maikulosikopu yoonera tizilombo imene inabadwa ine ndisanabadwe. Kusukulu ndinaphunzira makina amakono, koma kuno tsiku lonse ndimayeza chimbudzi. Ndimapaka pang'ono pagalasi, kudonthezapo madzi amchere, n'kusuzumira kufunafuna mazira a njoka za m'mimba. Munthu umamupatsa kabotolo kuti aikemo kochepa ngati nsonga ya chala, iye n'kubwera ndi chitini chodzaza ngati akukupatsa mphatso. Ndikati tisinthe izi, tigule izo, akulu a labu amati ndikhale pansi, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndimati nkhonozo ndilibe nazo ntchito.

Tsono imvani. Amayi anandinong'oneza kuti bambo akatseka shopu amatsalira pa makina osokera n'kumabweza mathalauza awo omwe m'chiuno, kuti tisaone mmene thupi latsikira. Telala kubisa matenda ndi singano! Nditawayang'anitsitsa ndinaona kuti m'maso ndi m'manja mwayera, akapalasa makina pang'ono akupumira m'mwamba, ndipo njira ya kuchimbudzi yawazolowera.

Inu mukundidziwa, si pachabe bambo anandipatsa dzina loti Nachangu. Ndinabwera ndi kabotolo n'kukaika patebulo iwo akudya, ndikuti ndikakafuna mawa m'mawa. Anakayang'ana ngati ndawaikira chule m'mbale. Anafunsa kuti zinayamba liti zoti mwana wamkazi azipempha bambo wake zotere. Anati iwo ndi amene ankachapa matewera anga, ndipo dziko silinatembenuke mpaka kufika poti tisinthane. Ndinawayankha kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Iwo anati ndi zoona, chitsekocho amatsekula okha, amatsekanso okha, ndipo za kuseri kwake ndi zawo. Amayi anaseka mpaka kutsamwa. Kabotolo kaja kanasowa patebulo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tsiku lina m'mawa ndili kuntchito, anesi anandiuza kuti pali abambo ena akundifuna kuseri kwa labu, akukana kulowa. Nditatuluka ndinapeza bambo, atavala jekete la kutchalitchi, tepi yoyezera ili m'khosi. Anatulutsa kathumba kansalu kosokedwa bwinobwino, ka zipi komwe. M'kati munali kabotolo kaja. Anati ndi ka mnzawo wina, munthu wamanyazi kwambiri, amene wawatuma.

Achimwene, mawu anafika pamlomo. Koma ndinawameza. Ndinafunsa zaka za mnzawoyo, anati ndi wa msinkhu wawo. Ntchito yake? Anati telala nayenso. Ndinafunsa ngati amayenda wopanda nsapato m'kadimba ka kuseri kwa nyumba, iwo anati munthuyo ndi wosamva, nsapato amasungira Lamulungu. Pabotolo ndinalemba dzina lenileni, chifukwa labu siyeza anzawo a anthu. Iwo anayang'ana kumbali ngati akuwerenga chikwangwani.

Pagalasi ndinapeza mazira a njoka zija zimalowera kuphazi n'kukayamwa magazi m'matumbo. Ndinatsala pang'ono kuvina, poti zimenezi zili ndi mankhwala. Adokotala analemba mapiritsi opha njoka ndi ena owonjezera magazi. Mnzawo anamwa onse. Mnzawo anagulanso nsapato za mphira.

Kuyambira pamenepo, ndikaweruka ndimadzera kushopu, kukhala pa mulu wa nsalu n'kufunsa kuti mnzanu waswera bwanji. Ndiye amandiuza zonse, maso ali pa singano: wadya chiyani, wapita kangati, pakupota ndi pati. Nthawi zina amamunyoza mnzawoyo kuti ndi wamantha ngati nkhuku. Chibadwire sindinachezepo ndi bambo chonchi. Amayi nawo analowa m'seweroli, akamawapakulira amati aonjezere, mwina mnzawo adzera pano.

Koma si zonse zabwino. Patapita milungu kathumba ka zipi kanabweranso. Mazira atha, koma m'chimbudzi mukupezekabe magazi, aja osaoneka ndi maso, ndipo thupi silikubwerera. Adokotala akuti mwina ndi chilonda, mwina ndi kanthu kena, ndipo kwa munthu wa msinkhu uwu sangangoganizira. Akufuna apite ku chipatala chachikulu akawaunike m'matumbo ndi kachubu kokhala ndi kamera. Akuti chinthu chikapezeka msanga chimagonja msanga.

Nditawafotokozera kumene kachubuko kamalowera, makina anaima. Anati mnzawo wafika pamene akanafika, pamenepa ndiye ayi. Ndinalankhula, ndinachonderera, ndinaopseza, koma ngati ndikuthira madzi pa msana wa bakha. Pamene ndimanyamula chikwama kuti ndizipita, ananena chapansipansi akusokerera batani. Anati mwina mnzawoyo akanapita akanakhala ndi mwana wamwamuna womuperekeza, womugwirira thalauza kunja kwa chitseko. Koma wake ali kutali, ali ndi banja lake, ndipo safuna kumuvutitsa.

Mwamva, achimwene? Ndikukupemphani, bwerani. Musatumize kanthu, bwerani inuyo. Pemphani tchuthi, nenani chilichonse kwa abwana anu. Ine ndingathe kuona dzira la njoka pagalasi, koma pachitseko chimenecho sindingaimepo. Ndi panu.

Ndipo mukaimba foni musayerekeze kunena kuti bambo mukudwala, mungandigumulire zonse zimene ndamanga. Ingonenani kuti mwamva za mnzawo uja, ndipo mukubwera kudzamuperekeza.

Ku labu yaikulu kuja ndinkakulota anandiitana kuti ndikayambe ntchito. Ndawapempha kuti andidikire kaye. Inde, ine amene sindidikira ngakhale tiyi kuti azizire. Musandiseke.

Dzulo bambo anandipatsa gauni yoyera ya kuntchito, yosoka okha, ya matumba akuluakulu. Anati watumiza ndi mnzawo, ndipo akuti nayenso ali ndi mwana wamkazi wapakamwa ngati ine, koma wa manja ofatsa. Ndinawapempha kuti akamuuze mnzawoyo kuti mwana wakeyo sanakonzeke kukhala wopanda bambo. Maso ali pa singano, anati uthengawo ukafika. Kenako anandifunsa, ngati akungocheza, kuti kodi basi yochokera kwanuko imafika nthawi yanji masiku ano.

Ndinawauza kuti ndikufunsani. Ndiye ndafunsa.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndikubwerekani masiku ochepa okha. Ana muwapsompsone, ndipo asamasewere pamatope opanda nsapato. Amayi akuti musaiwale juzi, kuno kwayamba kuzizira. Mulungu akusungeni ndipo akutsegulireni njira.

Ndine mlongo wanu wosadikira,
Nachangu