Amuna Anga Anavula Nsapato Pabwalo la Ng'oma

Aphungu,

Mukaona nkhani ikudumphadumpha mundikhululukire. Ndine mayi wa ana atatu, ndipo amuna anga a Tahar ndi mphunzitsi wamkulu pasukulu ina kuno ku Meknes. Ndi munthu wa tayi, wa nsapato zonyezimira zomwe amapukuta okha, ati ine sinditha. Chikwatiranireni, chomwe ndimadziwa n'chakuti kwawo ndi ku Fez, makolo awo anamwalira iwo ali mwana, ndipo anakulira kusukulu yogonera komweko. Pa ukwati wathu, kuchimuna kunabwera anzawo a kuntchito okhaokha. Ine ndinkawamvera chisoni, mpaka ndinkaletsa ana kufunsa za agogo awo.

Nkhani yayambira pa mwana wathu wamkazi, Ghita. Wapeza mwamuna dzina lake Messaoud, wokonza zamagetsi, yemwe akaweruka amaimba gembiri, gitala uja wa zingwe zitatu, m'gulu la Agnawa, oimba nyimbo za mizimu. Ndi mnyamata waulemu, wakuda bii, wa mabanja aja amene makolo awo anabweretsedwa kuno pa ukapolo kuchokera kutsidya kwa chipululu. Akwawo anabwera kudzafunsira mbeta mwamwambo, atanyamula mibulu ya shuga. A Tahar anawaimika pakhomo, osawathirira ngakhale tiyi, ndipo kutacha anabweza shugayo pa takisi. Inu mukudziwa kuti shuga wobwezedwa ndiye kuti mbeta yakanidwa.

Anandiuza kuti, "Mwana ndamuphunzitsa mpaka kuyunivesite kuti akakwatiwe ndi oimba m'misewu? Adzukulu anga azidzavina kuzunguza kamchira ka pachipewa cha Agnawa pamaso pa anthu?" Anawonjezanso mawu ena okhudza khungu, omwe sindingawalembe pano. Sindinadabwe kwenikweni, chifukwa m'nyumba mwathu nyimbo za Agnawa zikangoyamba pa wailesi iwo amazimitsa, ndipo lubani samufuna, ati amawapweteketsa mutu. Ine ndinkangoti ndi mmene amakhalira anthu ophunzira.

Kumayambiriro kwa mwezi uno kunali chikondwerero chija cha chaka ndi chaka, chomwe anthu akuda a mumzinda muno amakumbukira kwawo kwa makolo awo. Masiku ano chinakula, kumabwera magulu a kumwera, amayi a ku Senegal ndi mpunga wawo wa nsomba, ophunzira a ku Mali ndi ng'oma zawo. Ghita anatuluka m'mawa, ati akupita kwa mnzake. Masana kunafika mnansi wathu wina, mayi wa pakamwa posatseka, n'kunena a Tahar ali pomwepo kuti, "Mayi a Ghita, zabwino zonsetu. Mwana wanu ndamuona kubwalo akugawa chakudya cha kusikusi ngati mtengwa wa pakhomopo. Ife simunatiitane bwanji?"

A Tahar anangovala jekete n'kuti, "Tiyeni mukamutenge mwana wanuyo." Akalakwa amakhala wanga.

Tinapeza bwalo litadzaza, utsi wa nyama yowotcha uli tolotolo, anthu atazungulira mbale zikuluzikulu, ana milomo ili psuu ndi chakumwa cha chidede. Mayi wina wa ku Senegal anandikoka mkono akuti, "Mlamu, lawani kaye, nkhope imeneyo ndi ya njala." A Tahar ankangodula pakati pa anthu ngati akukagwira wakuba. Ghita tinamupeza pafupi ndi oimba, bambo ake n'kumugwira dzanja, n'kuyamba kumukalipira anthu onse akuona. Messaoud anali pamkeka ndi gembiri wake, ndipo anangoweramitsa mutu poti nyimbo sakanaisiyira panjira.

Pambali pake panakhala gogo wina wamkazi, wakuda, woonda, wa gulu lochokera kumwera, amene ankasunga mtolo wa nsalu zija amafunditsa anthu ogwidwa ndi mizimu. Gogoyo anawayang'anitsitsa a Tahar kwa kanthawi. Kenako ndinamuona akuwerama n'kumunong'oneza Messaoud, ndipo Messaoud anasintha n'kulowa nyimbo ina, ija ya mzimu wa m'madzi, anzake akumuyankha ndi zitsulo za m'manja.

Aphungu, a Tahar anasiya kukalipa. Dzanja la mwana analisiya. Mapewa awo anayamba kugwedezeka, ine n'kumati ndi kuthamanga kwa magazi, ndiwagwire asagwe. Iwo anawerama, kumasula zingwe za nsapato, kuvula ndi masokosi omwe, kuziika pambali bwinobwino, n'kulowa m'bwalo. Palibe anawauza kuti pamenepo salowapo ndi nsapato. Anayamba kupalasa manja ngati akusambira, mutu uku ndi uku, tayi ikuuluka. Amuna angatu amenewo, omwe pa ukwati wathu weniweniwo anakana kuvina. Ghita anagwira pakamwa ndi manja onse awiri.

Atagwa pansi, gogo uja anawafunditsa nsalu ya buluu, kuwafukizira lubani, n'kuika mutu wawo pamiyendo pake. Ndinamumva akuti, "Faraji mwana wanga, wanenepatu." Ndinathamangira pomwepo n'kuti, "Agogo, mwasokoneza, awa ndi a Tahar, amuna anga." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kuti, "Ndiwe mkazi wake? Wamusamala bwino, Mulungu akudalitse. Tahar ndi dzina la kusukulu. Ine ndinabereka Faraji, ndipo nyimbo imeneyi inayamba kumugwetsa pansi, mano a ubwana asanagweluke. Khungu anatengera bambo ake, koma zinazi ndi za kwathu."

A Tahar atatsitsimuka anamuyang'ana gogoyo, ndipo ndinamva ndi makutu angawa akuti, "Amayi," chapansipansi. Kenako anadzuka, kutola nsapato zawo m'manja, n'kuyenda osavala mpaka pagalimoto, osatembenuka.

Kuyambira tsikulo m'nyumba muli ngati mwachitika maliro. Amapita kuntchito, amabwera, amadya, amakadzitsekera kuchipinda. Ndikati, "Bambo a Ghita, tikambirane," amangoti, "Linali dzuwa lija, ndinachita chizungulire." Aphungu, chizungulire chimatchulitsa munthu kuti amayi?

Gogo uja dzina lawo ndi Lalla Mbarka. Gulu lawo linabwerera kumwera koma iwo anatsala kwa makolo a Messaoud, ati akudikira mwana wawo. Ghita amapita kukawaona, ndipo dzana anandiuza maso ali gwa kuti, "Amayi, ndiye kuti magazi omwe ababa amanyoza aja ndi omwe ali m'thupi mwangamu. Akapanda kuwalandira akwawo kwa Messaoud chikondwerero cha Idi chisanafike, ndikamangitsa ukwati ndekha, lamulo likundilola, ndipo pakhomo pano simudzandionanso." Mwana ameneyu ndimamudziwa, akanena wanena.

Ine mutu waima. Zaka zonsezi ndakhala ndikugona ndi mlendo? Nanga alongo anga akamva ndidzawayang'ana bwanji? Mtima wina ukuti ndiwaitane alongo angawo tiwakhazike pansi a Tahar, manyazi awagwire mpaka avomere ukwati wa mwana. Mtima wina ukuti ndingolongedza ndizipita kwathu. Koma chimene chikundisowetsa mtendere koposa n'chakuti nditaya mwana wanga. Nditani?

N. B., Meknes

Mayi N. B.,

Nanenso powerenga kalata yanu pakamwa panali yasa. Koma tiyeni tidabwe mofulumira, chifukwa Idi siidikira munthu.

Ndiyambe ndi funso lowawa. Chikukupwetekani n'chiyani, bodza kapena magazi? Ngati ndi bodza, kwiyani ndithu, munanamizidwa pa chinthu chachikulu. Koma mwatchula alongo anu ndi mmene mudzawayang'anire. Ngati mantha anu ndi akuti amva kuti apongozi anu ndi gogo wakuda wa kumwera, ndiye kuti mwachiona ndi maso anu chimene chinamuthawitsa Faraji kwa amake. Mwana sabadwa akuchita manyazi ndi mayi wake. Amachita kuphunzitsidwa, ndi anzake a kusukulu, ndi mabanja omwe amayamba afunsa kuti mkamwini ndi wa kwa yani asanafunse khalidwe lake. Sindikuwachotsera mlandu amuna anuwo ayi. Kuika mayi wako m'manda ali moyo ndi tchimo lalikulu, ndipo akuluakulu ananena kale kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Za alongo anuzo zisiyeni. A Tahar anagwa kale pamaso pa mzinda wonse, ndipo mukawagwetsanso pabalaza pawo pamaso pa alamu awo, adzaumirira pa chizungulire chawocho mpaka kumanda. Fupa lokakamiza limaswa mphika.

M'malo mwake pitani nokha kwa Lalla Mbarka, sabata ino isanathe. Tengani Ghita, phikani kanthu, mukawapsompsone pamutu monga amachitira mpongozi. Musakawapanikize ndi mafunso ngati kupolisi. Mayi amene waona mwana wake patapita zaka zonsezo n'kungomuuza kuti wanenepa, sanabwere kudzaimba munthu mlandu, ndipo zimene muyenera kudziwa akakuuzani okha. Mukakhalanso muli kwa makolo a Messaoud, choncho mukawapepese pa za shuga uja m'dzina lanu inuyo.

Mukabwerako, auzeni a Tahar. Musapemphe chilolezo ndipo musafunse funso. Pomwe mukuwathirira tiyi mungoti, "Ndinapita kukaona amayi, akupereka moni," basi, n'kusiyira pomwepo. Akatchula za dzuwa ndi chizungulire musatsutsane nawo, ndi kansalu kokhako komwe kawatsalira kobisira nkhope. Lachisanu lotsatira phikani kusikusi monga mwa masiku onse, ndipo muwauze m'mawa kuti amayi abwera kudzadya nafe. Nyumbayo ndi yanunso, ndipo kuitana apongozi anu si mlandu. Akafuna kudzitsekera kuchipinda asiyeni adzitsekere. Munthu amene anatchula kuti "Amayi" pabwalo lodzaza, sindikhulupirira kuti angapirire nthawi yaitali akumva mawu awo kuseri kwa chitseko.

Ghita muuzeni poyera kuti inu muli kumbali yake, chifukwa pakadali pano sakudziwa. M'kalata yanu mwalemba zimene bambo ake ananena tsiku la shuga lija, koma zimene inu munayankha sindinazione. Mumupemphenso kuti nkhani ya magaziyi asaisandutse ndodo yokwapulira bambo ake. Akwawo kwa Messaoud akonzeke kubweranso, koma ayambe alowa gogo. A Tahar sangamulandire Messaoud asanawalandire amayi awo, pakuti chimene akukana mwa mnyamatayo n'chomwe anachithawa mwa iwo eni.

Zolongedzazo dikirani nazo. Mkwiyo wanu uli ndi tsiku lake, ndipo likadzafika mudzawakhazike pansi awiriwiri, akufotokozereni zonse kuyambira pachiyambi, ndi kukupepesani. Musadzawakhululukire mwaulere ngati sipanachitike kanthu. Kungoti lero nkhani yofulumira ndi ya mwana.

Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi. Zonsezi mutha kuchita bwinobwino a Tahar n'kukhalabe ouma, poti bodza lomwe munthu wakalamba nalo silivulidwa tsiku limodzi. Zikatero, musayerekeze kumuuza Ghita kuti adikire chaka china kuti bambo ake aziziritse mtima. Mwana ameneyo akwatiwa ndithu, inu muvomere kapena mukane. Tsikulo likadzafika mudzavale chovala chanu cha ukwati, mudzawagwire dzanja Lalla Mbarka, mudzapite. Mukadzatsala m'nyumba kulondera manyazi a amuna anu, ukwati wa mwana wanu mudzauonera pafoni ya munthu wina, ndipo Ghita sadzaiwala kuti pampando wa amake panalibe munthu.

Phungu wanu