Moto wa pa Kontena ya Masailenti

Ndirande Goliyo,
Blantyre.
24 Novembala, 2024.

Okondedwa achimwene a Hawkins,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu anga. Ife kuno tilipo, koma ndikati tili bwino ndikhala ndikukunamizani. Kalatayi ndapatsira mayi Eliness, aneba athu aja amabwera ku Joni kudzaoda mabulangete, chifukwa foni yanga inapsa. Ndinayesa kukuimbirani pa foni ya eni, koma ndinaidula musanayankhe. Mukhululuke zilembo zokhotakhotazi, m'manja mwanga simunapole.

Vidiyo ija ndikudziwa kuti munaionera. Amayi akuti munawaimbira foni mukulira, n'kumanena kuti alamu anu a Fletcher ndi mwamuna weniweni, poti anagona pamwamba pa mng'ono wanu Donald anthu akumugenda. Zimenezo zinachitikadi. Koma wojambula uja anayamba mochedwa, ndiye ndiloleni ndikuuzeni kuyambira poyambira.

Inu munachoka kuno masailenti asanabwere. Ndi njinga zamoto zobiriwira zoyendera batire, ndipo anthu anazipatsa dzina limeneli chifukwa sizilira, umangoona yakudutsa. Eni ake ndi kampani yakunja imene akuti ili ku Kenya, ku India ndi maiko ena ambiri. Ukafuna kukwera umaitanitsa pa foni, mtengo n'kuonekera pomwepo, palibe zonenerera. Batire ikatha, woyendetsa amabwera pa kontena kudzasiya yakuthayo n'kutenga yodzaza. Makontenawo ali ndi masola padenga, ndiye kaya magetsi azime, ntchito imayenda.

Tsiku lotsegulira kunabwera bwana wina wa ku boma. Anati ndalama zakunja zochepa zimene dziko lili nazo zimathera kugula petulo, choncho njinga iliyonse yoyendera dzuwa ndi mpumulo kwa tonse. Anati kampaniyi ilemba achinyamata ntchito, izikhoma msonkho, iphunzitsanso amakaniko. Achimwene, sindingawanamizire, zina ndinaziona ndi maso angawa. Ine anandilemba ntchito yosintha mabatire pa kontena ya pa Goliyo pompano. Donald, amene chigwereni nyumba yathu ku Manje nthawi ya namondwe wa Freddy ankangokhala ndwii pakhonde, anapatsidwa njinga. Anayamba kudzuka m'mamawa akuimba mluzu, anawafolerera amayi denga lija linkadontha. Amayi a mandasi ndi anyamata a tchipisi anasamukira pafupi ndi kontena, ndipo malo amene kale panali potayira zinyalala panasanduka kamsika.

Koma mukudziwa kuti alamu anuwo, bambo a Betty, ndi akabaza a petulo pa siteji ya pamsika. Nawonso anapita kukafunsira sailenti, n'kuwabweza chifukwa alibe laisensi. Pa siteji paja ambiri alibe. Anabwera kunyumba maso ali psuu.

"Zaka zonsezi ndanyamula anthu m'Ndirande muno osaswa ngakhale dzira la munthu," anatero, "lero kompyuta indiuze kuti sinditha kuyendetsa?"

Kenako mafuta anasowa. Akabaza a petulo ankakankha njinga zawo pa mzere wa pa filing'i, kupsa ndi dzuwa tsiku lonse, uku masailenti akudutsa mwakachetechete atanyamula makasitomala awo omwe aja. Pakhomo tinayamba kudya za ine. Tsiku lina ndinagula nyama, iwo anangoyang'ana mbale n'kuikankhira pansi.

"Ndiwo zako za batirezo udye ndi mlongo wako," anatero, Betty akuona.

Kunjanso zinthu zinali zitayamba kuipa. Mnyamata wina wa sailenti anamuswera magalasi ku Chinseu, wina anamutema paphewa atatsitsa munthu pafupi ndi siteji. Ndinamuuza Donald kuti ayambe wapuma. Anaseka, n'kunena kuti, "Achemwali, pa siteji paja pali alamu anga. Angandikhudze ndani?"

Tsiku la ngoziyo linali Lachisanu. Sindinayenera kukhala pantchito, ndipo bambo a Betty anachoka m'mawa akudziwa kuti ndikupita ku Naperi kukaona mnzanga wodwala. Koma Evelina, amene timasinthana naye pa kontena, anandipempha kuti ndimugwirire, ine n'kuvomera.

Chakumasana sailenti ina inagunda mayi wogulitsa tomato. Mayiyo anangosupuka bondo, ali moyo mpaka lero. Koma nkhani pofika pa filing'i inali yoti wafera pomwepo, ena akuti anali woyembekezera. Nthawi yomweyonso anali atangowauza anthu a pa mzere kuti mafuta atha.

Ndinayamba kumva phokoso ngati la ku mpira likutsika ndi msewu. Amayi a mandasi anathawa kusiya mabeseni, mlonda wathu anavula yunifomu n'kulowa m'tinjira. Ine ndinadzitsekera m'kontena. Mwala woyamba unaswa kamera ya pakhomo, kenako miyala inagwa ngati matalala. Mkati mwa chitsulo muja phokoso lake linali logonthetsa m'kutu. Ena anakwera padenga n'kumaphwanya masola ndi zikwanje, magalasi akuwayawaya pansi.

Ndinasuzumira pa kawindo ka zitsulo, ndipo ndinamuona Donald akubwera kudzasintha batire. Ndinamudziwa ndi kansalu kofiira kamene anamanga pa chiwongolero. Anatulukira pa kona ya bucha ya a Haruna, ndipo pomwe ankazindikira zimene zikuchitika anali kale pakati pa anthu. Ndinakuwa kuti athawe, koma ndani akanandimva?

"Ndi yemweyu! Ndi amene wapha mayi uja!"

Anamukoka pa jekete, anagwa chagada, njinga n'kumugwera. Anali atavala helemeti ya galasi lakuda, ndipo anyamata onse a sailenti amavala mofanana. Anamuponda m'mimba, anamumenya ndi matabwa a pa benchi ya mandasi. Wina anamuphwanya dzanja ndi njerwa pamene ankayesa kudziteteza. Anayesa kukwawa, iwo anamukokera m'mbuyo ndi miyendo.

Achimwene, apa ndiye pamene pakundivuta. Pakati pa anthuwo panatulukira mwamuna wovala malaya a buluu, malaya amene ndinasita ndekha dzulo lake. Anali ndi chitsulo chochotsera matayala. Anachikweza ndi manja onse awiri n'kuchitsitsa pa mwendo wa Donald, pamunsi pa bondo. Anachikwezanso, n'kumenyanso pomwepo. Kulira kwa fupa ndinakumva ndili m'kontena, ndipo ndimakumvabe. Anali bambo a Betty.

Amene anathira petulo pa kontena sindinamuone. Petulo amene ankasowa wa njinga, wowotchera anapezeka. Ndinangomva fungo, kenako moto unalowera pansi pa chitseko. Utsi unadzaza, mashelefu a mabatire anayamba kuthetheka. Loko anali atatentha ngati mbaula, koma ndinamugwira choncho ndi manja awiriwa mpaka anatseguka. Ndinadumpha motowo chitenje chikuyaka, ndinachitaya, n'kuthamangira m'gulu muja ndi siketi yamkati yokha.

"Fletcher!" ndinakuwa. Chikwatirane sindinawatchulepo dzina pagulu. "Fletcher, ndi Donald ameneyo!"

Anatembenuka, anandiyang'ana ngati aona mzukwa. Anagwada, anavula helemeti ija, n'kuona nkhope ya mlamu wawo, magazi akutuluka m'kamwa ndi m'mphuno. Chitsulo chinagwa. Nthawi imeneyo ena anali atabweretsa kale tayala, akumukoleka Donald m'khosi, wina akufunsa machesi. Bambo a Betty analikankha tayalalo n'kudzigwetsa pamwamba pa Donald, atamuphimba mutu ndi manja. Vidiyo yanu ija ikuyambira pamenepa.

"Wagulidwa ameneyu! Mkazi wake ndi wa kampani! Muwaotchere limodzi!"

Anzawo a pa siteji, anthu amene adyapo pakhomo pathu, anawamenya ndi zonse zimene anali nazo. Ine wina anandimenya chibakera pakamwa, dzino linathoka. A Haruna a pa bucha ndi amene anatipulumutsa. Anatuluka ndi chikwanje chawo chodulira mafupa, apuloni ili magazi okhaokha a ng'ombe, n'kuima pakati pathu ndi gululo.

"Amene akufuna kuyatsa munthu pakhomo panga ayambe wadutsa apa," anatero, osakweza mawu.

Anthu anabwerera m'mbuyo pang'ono. Kenako mabatire anayamba kuphulika ngati mfuti, zidutswa zamoto zikuuluka, ndipo apolisi anafika ndi utsi wokhetsa misozi. Aliyense anathawira kwake. A Haruna anatinyamula tonse atatu pa kagalimoto kawo konyamulira nyama mpaka ku Queens.

Zimene amayi sanakuuzeni pa foni ndi izi: mwendo uja madokotala analephera kuupulumutsa. Anaudula pamunsi pa bondo. Dzanja akuti lichira, ngakhale zala ziwiri sizidzapindikanso. Bambo a Betty anathoka nthiti, khutu linang'ambika, ndipo atangotuluka m'chipatala apolisi anawatenga, chifukwa kamera ija isanasweke inali itatumiza kale nkhope za amene anali kutsogolo. Ali pa rimandi ku Chichiri. Koma kamerayo sinaone amene anamenya Donald. Kupatula bambo a Betty, pabanja pathu odziwa ndife awiri, ine ndi Donald.

Inde, Donald akudziwa. Tsiku lina ndikumupukuta kumaso anandigwira mkono n'kunena kuti, "Achemwali, alamu ndinawaona pa galasi la helemeti. Ndinawaitana, koma mawu ankangozungulira mkati momwemo." Kenako anati, "Ine sindinena. Betty akule ndi bambo ake."

Ndinapita ku Chichiri kamodzi. Aonda, achimwene, moti ndinachita kuwazindikira ndi khutu lomangidwa. Analira ngati mwana.

"Mayi a Betty, sindinkadziwa kuti ndi iye. Mulungu ndi mboni, sindinkadziwa."

Ndinawafunsa kuti, "Ndiye akanakhala mwana wa munthu wina zikanakhala bwino?"

Anangogwira waya wa pakati pathu n'kuweramitsa mutu.

Mlandu ulowa mwezi wamawa ndipo apolisi andiitana ngati mboni. Ndalingalira mpaka mutu kuwawa. Ndikakhala chete, Betty akhoza kuwaona bambo ake msanga, koma ndizidzadya mbale imodzi ndi chinthu chimenechi moyo wanga wonse, Donald akudutsa pakhomo ndi ndodo. Ndiye ndatsimikiza mtima kuti ndikanena zonse ziwiri, kuti anamenya ndiponso kuti anaphimba. Oweruza akaone okha cholemera. Donald ndamuuza, wakwiya nane, sakundiyankhula bwino. Amayi ndiwauza ndekha tsiku la khoti lisanafike, chonde musanditsogolere pa foni. Mukudziwa vuto lawo la kuthamanga kwa magazi.

A kampani anabwera kuchipatala, bwana wachikazi wochokera ku Kenya ndi wina wa konkuno. Akumusamala Donald, ndisaname, ndipo alonjeza mwendo wopanga ndi ntchito ya mu ofesi yawo ku Limbe. Akutinso tsopano ayamba kuthandiza akabaza a m'masiteji kupeza malaisensi kuti nawonso azitenga masailenti. Ndinawafunsa kuti maganizo amenewa anali kuti kale lonseli. Bwana wachikazi uja anayang'ana pansi n'kunena kuti anali m'mapulani a chaka chamawa. Kontena yatsopano yafika kale, akuipenta. Akuti manja akapola ndibwerere, ndipo ndibwerera, chifukwa pakhomo pano wogwira ntchito ndatsala ndekha.

Ku Goliyo kuno sitikhalitsa. Akazi a amene anamangidwa sandipatsanso moni pa mpopi, ndipo dzana wina anagenda padenga pathu masanasana. Ndikufunafuna nyumba ku Machinjiri.

Pempho langa ndi limodzi. Ndikukudziwani mtima wanu, mukapsa simuona kutsogolo. Musakwere basi ndi mkwiyo, ndipo musatume anzanu aja a ku Bangwe kwa abale a bambo a Betty. Magazi amene ndaona akwana. Ngati mapepala anu ali bwino, bwerani pa Khirisimasi mudzakhale pafupi ndi mng'ono wanu. Akufunika mwamuna mnzake womuseketsa, ine ndikamuyang'ana misozi imangotsika.

Amayi akupereka moni, akuti muzivala zofunda ngakhale kutenthe. Betty akuti moni kwa amalume, wayamba kulemba dzina lake. A Haruna akuti ndikupatseni moni ngakhale simudziwana, ndipo mukabwera mukawaone musanafike kulikonse. Donald akuti moni, ndipo akuti mukamagula nsapato za Khirisimasi musamudumphe, iye avala yakumanja, inayo aisunga kudikira mwendo wa kampani. Ananena akuseka, ine ndinatuluka panja.

Pomaliza, pamene ndinkachoka ku Chichiri alamu anu anandiitana n'kunena kuti, "Ukawalembera achimwene, ukawapatse moni wanga, ngati angaulandire." Ndaulemba pano chifukwa anandituma. Kulandira kapena kukana zili ndi inu.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Tiyanjane.