Chitsulo cha m'chiuno ndi mphasa ya maliro

Amayi, kodi mukukhala bwanji kumene muliko?

Ndine mwana wanu Esinati, uja munamuperekeza ku chitengwa ku Champhira. Kuno amangonditcha Nyaphiri. Ndakalamba, Amayi, kuposa mmene munalili inu pomwalira, mutu wonse mbuu.

Ndiyambe ndi zabwino, poti n'zochepa. Mdzukulu wanu Wezi, amene munamusiya akukwawa, nayenso ali ndi mdzukulu tsopano, kamtsikana ka mphumi ngati yanu. Wezi amagulitsa nyemba ndi tomato mumsika wa pa Boma, ndipo ndikukhala kwa iyeyo. Chimanga chaka chino n'chamanyazi. Mvula inadula chikumasula ngaiyaye, ndipo theka la munda silinabandiridwe. Chifukwa chake ndi chimene ndikufuna ndikuuzeni.

Dzinja la chaka chatha ndinaterereka pachitsime, ndowa ili pamutu. Fupa linathyoka m'chiunomu, pamene ntchafu imalumikizira. Ananditumiza mpaka ku Lilongwe, kumene anachotsa mutu wa fupalo n'kuikapo wachitsulo. Potuluka, adokotala anandiuza kuti, "Gogo, pansi musadzakhalenso. Osanyonyomala, osagwada, osasanjikiza miyendo. Mukatero chitsulochi chiguluka." Ine ndinaseka. Ndinakumbukira inu mukunditsina khutu pakhomo paja: "Esinati, kwa eni ake wamkulu akalowa, iwe pansi. Usakandichititse manyazi." Moyo wanga wonse ndadyera pansi, ndaperekera madzi chogwada, ndiye lero munthu andiuze kuti pansi pandida?

Mkamwini wanu, bambo a Wezi, iwo sanaseke. Paja anakalambira kocheka matabwa ku Viphya. Anatola zidutswa za paini n'kundikhomera mpando wautali, wa zogwirira uku ndi uku, ndi wina wobowola pakati wa kuchimbudzi.

Bala litapola anatiuza kuti tizipita ku mafizo pa Boma, kumene amaphunzitsa anthu othyoka kuyendanso. Amayi, mukukumbukira lamba wa chigayo cha dizilo? Ndiye lamba ameneyo akhale wotakata ngati mkeka, amugoneke pansi, inu muimepo. Akadina batani, pansi pamayamba kuthawira kumbuyo. Ukapanda kuponda, pakutenga. Umayenda, umayenda, thukuta kamukamu, koma khoma lomwe lija lili pamaso pako. Tsiku loyamba ndinagwira zitsulo za m'mbali mpaka zala kuchita dzanzi, ndipo ndinafunsa kuti kodi tikupita kuti. Mayi wa mafizo, Nyagondwe, anali atandimanga nsalu yolimba m'chiuno, wagwira kumbuyo. Anati, "Kulikonse kumene mwafuna, mama, bola chidendene chiziyamba ndicho. Ndipo dzutsani mutu, pansipo simunagwetse kanthu."

Bambo a Wezi ankakhala pabenchi, chipewa pabondo, n'kumandinyogodola. "Nyaphiri, mwafika pa Jenda? Mundigulireko mbatata." Ine ndinkati, "Bwerani mukwere, tione ngati mukafike n'kwa aneba." Sanakwerepo. Ankauopa lambayo kuposa macheka a ku Viphya.

Koma unandithandiza, ndisaname. Nyagondwe ankawonjezera liwiro pang'onopang'ono, mwendo n'kumakumbukira ntchito yake. Ndinasiya chitsulo choyendera cha miyendo inayi, ndinasiya ndodo ziwiri, ndinatsala ndi imodzi. Pofika nthawi yodzala ndinali kunyumba kwanga, ndikuyenda ndekha mpaka kutchalitchi.

Ndiye dzinja lapitali bambo a Wezi anagwa m'munda akubandira, khasu lili m'manja. Pofika nawo kuchipatala cha Embangweni anali atatisiya kale. Anapita choncho, Amayi, osatsanzika.

Maliro mukuwadziwa. Thupi lili m'nyumba, amayi adzaza pamphasa, ndipo wamasiye, amene kuno amati chokolo, amakhala kumutu kwa bokosi. Wezi anandiikira mpando wanga pamenepo. Ndinakhala. Posakhalitsa analowa alamu anga Nyatembo, mlongo wawo wa malemu. Sanandiyang'ane ine, analankhula ndi khoma. "Ndapota, chokolo pampando? Mwamuna ali pansi, iye m'mwamba ngati bwana wa ku Boma? Kwawo ku Kasungu amalira chonchi?"

Akanangonena ine, ndikanapirira. Koma anati kwawo, ndipo kwathu ndi inu. Wezi anayamba kufotokoza za chitsulo, ine ndinamugwira mkono. Ndinamuuza atulutse mpandowo akhalire azibambo panja. Anakana, ndinamukalipira pamaso pa anthu. Palibe anandikankha, Amayi. Amayi awiri anandigwira m'khwapa n'kunditsitsira pamphasa bwinobwino, ndipo nyumba yonse inapuma.

Kukhala sikunavute. Mawa lake, akulu a mpingo atayambitsa nyimbo yotulutsira bokosi, anthu onse ananyamuka pamodzi. Ine mutu unali kwa mwamuna wanga, za chitsulo ndinaiwala. Ndinapinda mwendo, ndinapotoloka, ndinadzuka mmene ndakhala ndikudzukira kuyambira ndili mtsikana. Ndinamva gwa! m'chiunomu. Ndinakuwa, koma pamaliro ndani sakuwa? Azimayi aja anandiunjirira n'kumandipanikizira pansi, akuti limbani mtima Nyaphiri, limbani mtima. Ndimati ndinene kuti mwendo, mawu osatuluka. Anaona ndi Wezi kuti mwendowo wafupika ndipo phazi layang'ana m'kati.

Galimoto imene inabweretsa bokosi ndi imene inanditenga. Iwo analowera kumanda, ine ndinalowera kumsewu. Munthu amene ndinakhala naye kuyambira tsiku munandisiya kuno, sindinamuponyere dothi. Manda ake sindinawaone mpaka lero.

Kuchipatala anandigoneka tulo n'kubwezera chitsulocho m'malo mwake. Adokotala sanandibisire. Anati fupa langa lafewa ngati m'kati mwa phesi, ndipo chikadzagulukanso sakudziwa ngati padzapezeke pogwira. Ndidzathera pabedi, Wezi azidzanditembenuza. Inu mukudziwa mmene munthu wogona amathera, zilonda kumsana, nyumba kununkha. Wezi akasiya msika kuti azindisamala, ana ake adya chiyani?

Tsopano ndabwerera palamba uja. Nyagondwe sanandikalipire. Anayang'ana phazi langa nthawi yaitali, kenako anati, "Mbwenu tiyambirenso, mama." Makinawo amawaika pa liwiro lochepetsetsa, lochepa kuposa la tsiku loyamba lija, komabe mwendo umanjenjemera. Kale ndinkaopa lamba, tsopano ndikuopa thupi langa lomwe. Ndikaponda ndimamvetsera m'chiuno ngati muli kanthu kakufuna kulira. Masiku ena timafika magetsi atazima, n'kubwerera osayenda. Benchi ija amakhalapo anthu ena, sindiyang'anako. Koma ndikuyenda. Sabata yathayi ndinachotsa dzanja limodzi pachitsulo, ndipo sindinagwe.

Dzana kunabwera uthenga kuchokera kumudzi. Akuti poti anthu akolola, tichite mwambo wometa ndi kundivula zakuda. Patsikulo chokolo chimakhala pamphasa pakati pa amayi, miyendo chotambalala. Nyatembo atumiza mawu akuti agula mphasa yatsopano, yofewa chomene. Ndikhulupirira kuti m'mtima mwawo akuti andichitira chifundo. Wezi akuti ndisapite. Koma ndikapanda kupita ndikhala womangika, ndipo nyumba imene tinamanga ndi mkamwini wanu idzakhala ya mileme.

Ndiye ndipita, Amayi, ndipo ndikakhala pampando. N'chifukwa chake ndalemba, kuti mumve kwa ine, musadzamve kwa ena obwera kumeneko. Akanena kuti Nyaphiri sanaleredwe. Akatchulanso kwathu. Mwina akati ndibwerere ku Kasungu, kumene amene ankandidziwa onse muli nawo inu. Zonsezo ndazitembenuza m'mutu, ndipo palibe chimene chikuposa bedi lija kuopsa. Ndikawaombera m'manja, ndikazolika maso, ndikati yewo kwa wamkulu aliyense monga munandiphunzitsira. Koma lumo likandipeza ndili m'mwamba. Mukandiona, musatembenuze nkhope. Munandiphunzitsa bwino, kungoti simunadziwe kuti kudzabwera chitsulo.

Ngati mumaonana ndi bambo a Wezi, muwauze kuti tsiku lija sindinawathawe. Ndikulonjeza kuti akangomaliza kundimeta, ndidzatenga ndodo yanga n'kupita pamanda awo ndi mapazi angawa, popanda wondinyamula, ndikawatsanzike ndili chiimire.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale pano ndikukukanirani.

Ndine mwana wanu,
Esinati