Kagemu ka Chala cha Ba Petros

Lachiwiri, 3 Juni 2025

Banja lagwirizana. Pa 28 amalume abwera kudzatenga akulu anga Ba Petros kupita nawo kumudzi ku Katete. Akuti munthu wa sitiroko m'tauni ndi katundu. Mlamu, Ba Mainess, sanatsutse, atopa. Ine ndinangokhala chete monga mwa masiku onse. Koma sindinavomere. Kumudzi ndani adzawalimbitsa dzanja lamanjalo? Ku chipatala anati chala chachikulu chizigwira ntchito tsiku lililonse. Kampira kofinya kamene anawapatsa, Ba Petros anakataya kuseri kwa chimbudzi.

Loweruka, 7 Juni

Ndakumbuka ku Matero tili ana. Ba Petros pa shopu ya magemu mpaka amayi kuwalondola ndi chikoti. Ndiwapangira kagemu ka m'manja, mabatani akuluakulu ofewa, ofunika onse kumanja. Clive wogulitsa zida za mafoni m'tauni anandiseka. "Ba Chrispin, imwe ni ba mawailesi chabe. Gulani ya ku Chaina." Za ku Chaina mabatani ake ngati mapira. Ndagula kabodi kamene amati maikulokontirola, ndi kasikirini. Giredi 7 yanga sinandiletsepo kuwerenga mapulani a mawaya.

Lachinayi, 12 Juni

Zitheka. Kabodi kamasunga makilobaiti 520 pogwira ntchito. Gemu yakale imodzi ndi 40. Pulogalamu yoyerekeza makina akale a magemu ndinaipeza pa intaneti, Clive yemweyo wandiikira ndi laputopu yake, akusekabe. Magetsi anabwera masana, ndinasiya wailesi ya kasitomala n'kulumikiza mawaya. Kamunthu kakuyenda pa sikirini! Pang'onopang'ono, mawu palibe. Kakuyenda.

Ba Petros anayang'ana nthawi yaitali. Kulankhula kumawavuta, koma ndinamva: bokosi likhale lachitsulo. Munthu wowotcherera zaka zonsezi, china angadziwe chiyani.

Lachisanu, 13 Juni

Nason, mnzawo wa ku shedi yowotcherera, wabweretsa bokosi. Zidutswa za mafelemu a mawindo, lolemera ngati loko wa pageti. Kuno ku Kalingalinga ngakhale khola la nkhuku amaliwotcherera. Ndinaika kabodi, kumanga masikuluu, kuyatsa. Kunsi kwa bodi kunakhudza chitsulo. Kautsi, fungo. Kapsa. K280 yapita.

Ba Mainess anati mwina ndi chizindikiro. Chizindikiro chake n'chakuti chitsulo chimadutsa magetsi, basi. Mawa m'tauni.

Loweruka, 21 Juni

Kabodi katsopano. Bokosi la matabwa a mukwa, akalipentala a pamsewu andipatsa zotsala. Ba Petros anakana kuligwira masiku awiri, ati matabwa ndi a maliro. Kenako ndinawapeza akusewera ndi dzanja lamanzere lokha, kagemu atakapanikiza pa bondo. Ndinawagwira dzanjalo. Anandiyang'ana moipa, ine osasiya. Chala chamanja chinatsika pa batani. Kamunthu kanalumpha. Kamodzi. Ba Mainess anatuluka panja, chitenje kumaso.

Amalume abwere. Adzaone okha.

Lamlungu, 29 Juni

Dzulo ndinalankhula pamaso pa akulu, koyamba m'moyo wanga. Ndinaika kagemu patebulo. Ba Petros anadina ndi chala chamanja kasanu ndi kawiri, amalume akuona. Ndinati munthuyu akuchira, sapita kulikonse, amene akufuna kuwanyamula ayambe wanyamula ine.

Ba Petros anakweza dzanja lamanzere kuti ndikhale pansi. Mawu anatuluka movutikira, tonse tinadikira.

"Chrispin, nifuna kuyenda. Nalema kumvera anzanga awotcherera ine nili pa mpando. Sunanifunse."

Anyamuka m'mawa uno. Kagemu kali m'thumba la jekete, anakaika okha. Pokwera basi anandiuza kuti Nason apange bokosi lina lachitsulo, koma ndiikemo labala mkati.

Kumudzi kulibe magetsi. Batire imatha pa maola anayi. Kasola kakang'ono ka mavoti 6 kangakwane, ndi kabodi kochajira. Dzuwa la ku Katete silizima. Ndidzatumiza pa basi ya Lachisanu, kondakitala ndimamudziwa. Chala chimenecho chisaime. Ndiyambe ndayeza ngati waya wa batire ukwana.