Pepala la Lamlungu

Lachinayi, 9 Meyi

Lero mtima ukuwira, koma mokoma.

Sindinapite kusukulu, ndinaperekeza amayi kukiliniki. Papita milungu itatu chiyambireninso kulankhula okha ndi kumata manyuzipepala m'mawindo. Lamlungu lapitali azakhali anandimenya mbama pamaso pa amayi a kutchalitchi. Amvekere, "Iwe Yohane, mapiritsi a amako ukupatsa anyamata a pakona aja kuti aziledzera nawo!" Ine amene ndimawamwetsa m'mawa uliwonse, mpaka kuwasuzumira pansi pa lilime!

Anesi atayang'ana makadi onse awiri a amayi, la TB ndi la matenda a maganizo, anagwira pakamwa. Akuti mankhwala a TB amene amayi anayamba mwezi watha amafulumizitsa chiwindi, ndiye chikumaphwanya mapiritsi a matenda a maganizo aja asanagwire ntchito mokwanira. Adokotala asintha mlingo wake, koma ati a TB asasiye.

Ndinati, "Sisita, tandilemberani zimenezi papepala."

Anaseka. "Ukufuna ukalembere mayeso?" Komabe analemba n'kudinda.

Madzulo ano azakhali anabwera kuchokera ku Glen View ndi botolo la madzi a kwa mneneri. "Akuti chiyani kuchipatalako?"

"Angosintha mankhwala, azakhali."

Sindingawauzire m'khitchini tili awiri, pamene anandimenya anthu akuona. Pepalalo ndalibisa m'buku la sayansi. Lamlungu mapemphero akatha, amayi omwe aja asanabalalike, ndidzaliwerenga mokweza, pang'onopang'ono, kawiri.

Pepani wawo sindikumufuna. Ndikungofuna ndione kumene adzaloze maso.