Mpando umene a Lameki anakana

Loweruka, mwezi wa Juni. Kwazizira tsiku lonse, nanenso mumtima simunatenthe.

A Lameki anabwera kuno ku Chongoni kudzapempha mavoti a uphungu. Bungwe la ocheka matabwa tinaliyambitsa awiri, ndipo ndine ndinawabwereka kabuku ka chikomyunizimu. Lero amalankhula ngati zonsezo zinamera m'mutu mwawo. Iwo anakwera mpaka kutsogolera apantchito, ine ndinatsalira kunola macheka.

Pabwalo anatitulutsira mipando iwiri. Ine ndinakhala msanga, poti mawondowa akuvuta. A Lameki wawo anaukankhira pambali n'kukhala padothi pakati pa ocheka. Amayi anaimba nthungululu. Ndinatsala pamwamba ndekha, ndili m'jekete, ngati bwana wa kampani.

Pobwerera mayi akunyumba akuti, "Koma a Lameki ndi munthu wa anthu. Inu bambo simukanatsika?"

Zokana mpandozo a Lameki ndinawaphunzitsa ndine pa sitalaka yathu yoyamba, iwo akunjenjemera kumbuyo kwanga. Akukumbuka ndani?

Voti ndiwapatsa. Koma kumsonkhano wa mawa ku Lobi ndikalawirira, ndikakhale padothi iwo asanafike. Wodzandidzutsa pamenepo ndiye sindinamudziwe.